Kodi ndicheke batire la PSP kuti ndiyikemo custom firmware?

Mnyamata wina wa ku Namwera watilembera motere: "Bambo, amalume anga atabwera kuchokera ku Johannesburg anandipatsa PSP yakale, ndipo kumbuyo kwake kwalembedwa PSP-2004. Imayaka bwinobwino, koma ndili ndi madisiki awiri okha, amene ndawasewera mpaka kutopa nawo. Mnzanga wina wandiuza kuti ndikatsegula batire ndi kudula kamwendo kamodzi ka kachipu kam'kati, batirelo limasanduka Pandora, ndipo ndikhoza kuyikamo custom firmware kuti magemu azichokera pa memole khadi. Batire ndili nalo limodzi lokha. Kodi ndidule kamwendo kati, ndipo PSP yanga singawonongeke?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa lezala lisanakhudze batire, chifukwa ambiri amafika pa benchi yanga kuno ku Mangochi Boma atadula kale. Mtima ukhale m'malo: zimene mukufunazo, zoyika custom firmware (pulogalamu yoyendetsa makina yosinthidwa ndi anthu wamba m'malo mwa ya kampani) mu PSP, kamakina ka m'manja kosewerera magemu ka kampani ya Sony, ndi zotheka, ndipo pa PSP imene ikuyaka bwino ngati yanuyo zimatheka popanda kutsegula batire ngakhale pang'ono. Mnzanuyo sanakunamizeni, koma njira imene wakuuzaniyo ndi ya m'chaka cha 2007, ndipo kuyambira cha m'ma 2011 inasiya kukhala yofunika kwa munthu amene makina ake ndi amoyo.

Ndiyambe ndafotokoza chimene batire la Pandora limachita, popeza mukachimvetsa mudzaona nokha chifukwa chake ndikukuletsani. Mukayang'ana batire la PSP mupeza kuti lili ndi timalo titatu tachitsulo togundana ndi makina. Tiwiri ta m'mbali ndi ta moto, koma kapakati ndi njira imene batire ndi makina zimalankhulirana. M'kati mwa chikhokhombe chapulasitikicho, pambali pa selo losunga moto, muli kabolodi kakang'ono kokhala ndi kachipu kotchedwa EEPROM, ndipo m'kachipuko munalembedwa nambala ya batirelo. Nthawi iliyonse mukalowetsa batire, chipu ya m'makina yoyang'anira za moto, imene imatchedwa Syscon, imafunsa nambalayo. Ikayankhidwa nambala wamba, PSP imayaka mwa masiku onse powerenga pulogalamu yoyatsira kuchokera mu memole yake yam'kati. Koma ikayankhidwa nambala yapadera ya 0xFFFFFFFF, makinawo amalowa mu service mode, ndipo m'malo mowerenga za m'kati amakafuna pulogalamu yoyatsira pa Memory Stick, memole khadi ya PSP. Khomo limeneli anasiya ndi a Sony eni ake, kuti amisiri awo azitha kuukitsa makina amene pulogalamu yawo yaonongeka. Mu Ogasiti 2007 gulu lotchedwa Team C+D linaulula njirayi kwa anthu onse, ndipo dzina loti Pandora linafala kuyambira pamenepo.

Kudula kamwendo kuja ndi njira yamphamvu chabe yopezera nambala yomweyo. Kachipu kakalephera kuyankha bwino, chowerengacho chimangoona ma 1 okhaokha, ndipo ma 1 okhaokhawo akalembedwa m'kawerengedwe ka makompyuta amatuluka ma F okhaokha. Choncho batirelo silipatsidwa nzeru ina iliyonse yatsopano. Mumangolilumalitsa mwadala kuti lizinena nambala imene makina amaimva ngati ya mmisiri wa kampani.

Apa pali mfundo imene anzanu ambiri amaiwala kunena: batire la Pandora palokha siliyika firmware iliyonse. Limangotsegula khomo. Pamafunikanso Memory Stick yokonzedwa mwapadera, imene anthu amaitcha Magic Memory Stick, yokhala ndi pulogalamu ngati Despertar del Cementerio imene inalembedwa ndi Dark_AleX, yemwenso anatchuka ndi firmware ya M33. Mukalowetsa batire lodulidwa mu PSP yopanda khadi lotere, kagetsi kobiriwira kamayaka kokha musanakhudze batani, koma sikirini imangokhala bii. Anyamata angapo anabwera kwa ine ali ndi nkhawa poganiza kuti apha makina, pamene vuto linali lokhalo loti batire lawo silingathenso kuyatsa PSP mwa masiku onse. Inu muli ndi batire limodzi lokha, ndiye mukadula, mudzayamba kuyatsira pa tchaja kenako n'kulowetsa batire, kapena kudalira khadi lapaderalo tsiku lililonse. Kwa munthu wa ku Namwera amene akufuna kusewera m'minibasi potsika mapiri kubwera ku Boma, chimenecho ndi chilema chachikulu.

Chachiwiri, si PSP iliyonse imene imamvera batire la Pandora. Ya PSP-1000, yonenepa ija imene inatuluka koyamba ku Japan mu Disembala 2004, imamvera. Ya PSP-2000, imene inatuluka mu 2007, imamvera ngati ili ya m'magulu oyambirira, koma mu 2008 a Sony anatulutsa bolodi la TA-088v3 limene linatseka mpata umene Magic Memory Stick yakale inkadutsira. PSP-3000 ya mu 2008 simvera batire lodulidwa, ndipo PSP Go ya mu 2009 ndi PSP Street ya mu 2011 mabatire ake ndi a m'kati, osachotsedwa ngati enawa. Yanuyo ndi ya mtundu wa 2000, ndipo 4 wa kumapetoyo akungosonyeza dera limene inagulitsidwa. Mukachotsa batire ndi kuyang'ana pachizindikiro cham'kati, mwina mupeza polembedwa date code, chizindikiro chosonyeza nthawi imene makinawo anapangidwa. Zikakhala 7C, 7D, 8A kapena 8B, kawirikawiri bolodi lake ndi lakale lomvera Pandora, koma ikakhala 8C pali mwayi waukulu woti ndi TA-088v3. Chaka china kunabwera mnyamata wa ku Makawa amene anadula batire lake la Sony lenileni bwinobwino, mwaluso ndithu, koma makina ake anali PSP-3000. Anataya batire labwino popanda kupindula kanthu, ndipo zinandikhudza chifukwa funso limodzi lokha likanamupulumutsa.

Chachitatu, ndipo apa ndikufuna mutchere khutu, ndi ngozi ya batire lenilenilo. Chikhokhombe chake chinamatidwa, sichimangidwa ndi masikuluwu, choncho potsegula munthu amayendetsa mpeni kapena lezala m'mphepete. Selo la lithium lili pafupi kwambiri ndi m'mphepetemo, ndipo mpeni ukangoterera n'kuliboola, kapena ukagundanitsa mbali ziwiri za moto pakabolodi, selolo limatha kutentha, kufuka utsi woipa ngakhale kuyaka. Batire la PSP-2000 ndi la 3.6V ndi 1200 mAh, ndipo la PSP-1000 ndi la 1800 mAh. Manambalawa amaoneka ochepa poyerekeza ndi a foni zamakono, koma moto wosungidwamo ndi wokwanira kuwotcha dzanja ndi kuyatsa matiresi. Onjezani kuti batire lanulo, ngati ndi loyamba, lakhala zaka zoposa 15, ndipo mabatire okalamba a PSP amadziwika ndi kutupa. Kutentha kwa kuno kunyanja m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumafulumizitsa kukalambako, makamaka makina akamasiyidwa m'nyumba yamalata yotsekedwa kapena padzuwa pafupi ndi sola potchaja. Ine ndinaonapo batire likufuka pa benchi ya mnzanga wokonza mafoni, amene manja ake ndi ozolowera ntchito yotere, ndipo chinatipulumutsa ndi chakuti pansi panali simenti ndipo panja panali mchenga wokwiririra.

Ngakhale selo litapulumuka, kamwendo koyenera kudula sikafanana pa mabatire onse, chifukwa mabolodi ake anapangidwa mosiyanasiyana malinga ndi mtundu ndi chaka. N'chifukwa chake sindikuuzani kuti dulani kakuti. Ndikanena kamwendo ndisanaone bolodi lanu, ndiye kuti ndikukupatsani mwayi wodula njira ya moto kapena ya chitetezo, ndipo batire lotero limasiya kutchaja kapena limayamba kutchaja popanda choliletsa likadzaza. Mabatire osakhala a Sony, amene amalembedwa manambala aakulu ngati 3600 mAh, ambiri amene ndawatsegula alibe n'komwe kachipu kofanana ndi ka Sony, ndiye palibe chodula. A Sony anasiya kutumiza PSP kumisika mu 2014, ndipo batire lenileni limene likadasungabe moto ndi chinthu chosowa kuno. Ngati lanu likutha kukufikitsani maola awiri kapena atatu mukusewera, lisamaleni kwambiri.

Tsopano ndikuuzeni njira imene ine ndimagwiritsa ntchito pa makina amoyo. Kumayambiriro kwa 2011 makiyi, manambala achinsinsi amene PSP imazindikirira pulogalamu yovomerezeka, anadziwika kwa anthu olemba mapulogalamu, ndipo kuyambira pamenepo zinatheka kulemba pulogalamu imene PSP yosasinthidwa imailandira ngati gemu wamba. Choncho custom firmware masiku ano imayikidwa pongokopera mafayilo pa khadi ndi kuwatsegula pansi pa Game, ndipo njirayi imagwira pa mitundu yonse, kuphatikizapo TA-088v3 ndi 3000.

Choyamba lowani mu Settings, kenako System Settings, kenako System Information, muone firmware imene ilimo. Mukaona nambala yokha, monga 5.03 kapena 6.20, makinawo sanasinthidwe. Mukaona mawu ngati M33, GEN, PRO kapena ME pambali pa nambalayo, ndiye kuti mwini wake woyamba anayikamo kale custom firmware, ndipo mwina zimene mukufunazo zilimo kale amalume anu osadziwa. Zikatero musathamangire kuyikamo firmware ya Sony pamwamba pake, chifukwa ena mwa ma firmware akalewa amafuna kuchotsedwa mwadongosolo. Pitani nayo kwa munthu wodziwa kapena ndilembereninso mundiuze zimene zalembedwa.

Ngati ndi yosasinthidwa, ikwezeni kufika pa 6.61, firmware yomaliza ya Sony imene inatuluka mu Januwale 2015, kapena pa 6.60 ya mu 2011. Fayilo yake imatchedwa EBOOT.PBP ndipo imayikidwa mu foda ya UPDATE, imene imakhala mu GAME, imene imakhala mu PSP pa khadi lanu. Samalani kuti fayilo ya PSP Go ndi yosiyana ndi ya mitundu inayi. Pa ntchito yonseyi, mphindi zowopsa ndi zimenezi, chifukwa makina amakhala akulemba mu memole yam'kati, ndipo moto ukaduka pakati pa kulembako PSP imafa. Inu ndi ine tikudziwa mmene magetsi amazimira kuno mosachenjeza. Choncho dzazani batire kaye, lumikizani tchaja yake ya 5V, ikani makinawo pa tebulo pamene ana sangawagwedeze, ndipo onetsetsani kuti chitseko cha batire chatsekeka bwino kuti lisasunthe. Batire lodzaza ndilo limakugwirani magetsi akazima, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso chosalicheka. Ngati batire lanu limazimitsa makina mwadzidzidzi likuonetsa kuti lili ndi moto, musayambe n'komwe kukweza firmware mpaka mutapeza lina lodalirika.

Mukafika pa 6.60 kapena 6.61, mukhoza kusankha pakati pa mitundu itatu ya custom firmware: PRO, LME ndi ARK-4. Ine masiku ano ndimayika ARK-4, chifukwa ndi yatsopano kuposa zinazo ndipo inapitiriza kukonzedwa pamene zinazo zinaima kalekale. Mumakopera foda ya ARK_01234 mu SAVEDATA ndi foda ya ARK_Loader mu GAME, zonse pansi pa foda ya PSP, kenako mumatsegula ARK Loader ngati mukutsegula gemu. Makina amazima n'kuyakanso, ndipo mukabwerera ku System Information mupeza dzina la ARK likuoneka. Ntchito imene mnzanu amafuna muichite ndi lezala imathera pamenepo.

Firmware yoyikidwa motere imachoka mukazimitsiratu makina, ndipo mumayenera kutsegulanso loader ija, zimene zimatenga masekondi ochepa. Mukangogoneka makina pokankha batani mwachidule, imakhalabe. Pali njira zoikhazikitsa kuti isamachoke, monga Infinity yolembedwa ndi Davee kapena cIPL, koma njirazi zimalemba m'malo amene makina amayatsira, ndipo cholakwika chikachitika pamenepo ndiye mumafunadi Pandora. Chida chakale cha CIPL Flasher chimene chimabwera ndi PRO chinapangidwira PSP-1000 ndi PSP-2000 zoyambirira zokha, ndiye musachiyese pa bolodi limene simukulidziwa. Mukangoyika firmware yosakhazikika ija, tsegulani pulogalamu ya PSPident, imene imakuuzani dzina lenileni la bolodi lanu. Malangizo anga kwa munthu amene ali ndi makina amodzi ndi akuti akhale ndi yosakhazikika kwa miyezi ingapo. Ambiri amene ndinawalangiza choncho sanabwerenso kudzafuna yokhazikika, chifukwa anapeza kuti kutsegula loader kamodzi patsiku si ntchito.

Ndinenepo pang'ono za khadi, chifukwa mavuto ambiri amene anthu amanamizira firmware amachokera kumeneku. PSP yanu imalandira Memory Stick PRO Duo, koma makhadi enieni otere ndi osowa, ndipo chosavuta ndi kugula adaputala yolowetsamo microSD yofanana ndi ya mufoni. Makhadi ena otchipa amalembedwa 64GB pamene m'kati mwake muli malo ochepa kwambiri, ndipo mafayilo amaonongeka mwakachetechete. Fayilo ya firmware ikaonongeka, mwamwayi makina amaikana ndi kulemba kuti ndi Corrupted Data, koma magemu amangoima pakati. Gulani khadi kwa wogulitsa amene mumamukhulupirira, lifomatireni m'kati mwa PSP momwemo kuti mafoda ake adzipange okha, ndipo pokopera gwiritsani ntchito chingwe cha mini USB kapena card reader pa kompyuta yopanda mavairasi.

Pa nkhani ya magemu, custom firmware imakulolani kukopera madisiki anu awiri a UMD kuti akhale mafayilo a ISO pa khadi, ndipo mukatero amatseguka msanga, batire limakhalitsa chifukwa injini yozungulitsa disiki sikugwira ntchito, komanso diso lowerengera limapuma. Palinso magemu ndi mapulogalamu aulere ambiri olembedwa ndi anthu wamba. Koma kukopera magemu amene simunagule, makamaka kuwagulitsa kwa ena, ndi kuphwanya ufulu wa eni ake, ndipo kuno kwathu kuli lamulo la Copyright Act la 2016 komanso bungwe la COSOMA loyang'anira zoterezi. Ndakuuzani kuti musankhe mukudziwa.

Kodi pamenepa Pandora inatha ntchito? Ayi, ikadali ndi malo ake, ndipo malo ake ndi pa makina akufa. PSP yakufa pulogalamu imayatsa kagetsi kobiriwira, sikirini n'kukhala yakuda, ndipo pakapita kanthawi imazima yokha. Musanagamule kuti yafa, chotsani batire ndi khadi ndi kuyatsira pa tchaja yokha, popeza PSP imayaka popanda batire, ndipo nthawi zambiri wolakwa amapezeka kuti ndi batire lotha kapena tchaja yofooka. Ngati m'makinamo munali custom firmware yokhazikika, yesani kugwira batani la R poyatsa kuti mulowe mu recovery menu, malo okonzera firmware ikavuta. Zonsezi zikakanika, ndiye nthawi ya Pandora yakwana, komabe lezala si njira yoyamba. PSP-1000 yokhala ndi custom firmware imatha kulemba nambala ya ma F ija mu batire la Sony lakale pogwiritsa ntchito pulogalamu yokha, ndi kusunga nambala yoyamba kuti ibwezeretsedwe ntchito ikatha. Ine ndimasunga PSP-1000 imodzi ndi batire limodzi pa ntchito imeneyi yokha. Kunagulitsidwanso mabatire opangidwa kale motere, monga TOOL ya kampani ya Datel. Kwa makina amene Pandora yakale imawalephera, mu 2021 kunatuluka njira yotchedwa Baryon Sweeper, imene kompyuta imadzionetsa ngati batire la amisiri a Sony kudzera pa kachipangizo ka USB ndi mawaya olumikizidwa pa timalo titatu tija. Imeneyo ndi ntchito ya munthu wodziwa kuwotcherera ndi kuyeza moto ndi mita, osati yoyesera koyamba pa makina anu okha.

Funani thandizo la mmisiri pa zinthu izi: mukaona batire latupa moti chitseko chake chikukana kutseka, likamatentha potchaja, likamatulutsa fungo lachilendo, kapena makina akasiya kuyaka pambuyo pokweza firmware. Batire lotupa lichotseni nthawi yomweyo, musalifinye kapena kuliboola kuti mpweya utuluke monga ena amachitira, musaliponye pamoto kapena m'dzala lotenthedwa, ndipo musalitaye m'nyanja kapena mu Shire. Liyikeni m'chitini cha mchenga wouma panja pa nyumba, pamthunzi, kutali ndi ana ndi udzu, mpaka mutalipereka kwa wokonza mafoni amene amasonkhanitsa mabatire akutha. Posankha mmisiri, mufunseni ngati anakonzapo PSP, ndipo akakuuzani kuti choyamba ndi kucheka batire la makina amene akuyaka bwino, tengani katundu wanu mupite kwina.

Ngati mnzanu uja wayamba kale kutsegula lake ndipo ngozi yachitika, atuluke m'chipindamo kuti asapume utsiwo, athire madzi oyera ozizira pamalo opsawo kwa mphindi 20, ndipo asapakepo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira. Chilonda chikakhala pankhope, m'maso, pazala kapena chachikulu kuposa chikhato chake, kapenanso akamabanika, apite kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, ndipo zikakula amutumiza ku chipatala chachikulu cha boma kuno ku Mangochi.

Inuyo achimwene, chotsani batire lero muone ngati lili lathyathyathya mbali zonse ziwiri, muwerenge date code ija, kenako mulibwezere ndi kuona zimene zalembedwa pa System Information. Mukanditumizira zinthu zitatuzi, ndidzakuuzani fayilo yoyamba kukopera pa khadi lanu.